ZA M'CILENGEDWE: Mlandu wa Mileme ya ku Shimabala, Mboni Yake ndi Cigaza

Nkhani yathu ya sabata ino icokera ku Shimabala, pa mseu waukulu wocoka ku Lusaka kupita ku Kafue, kumene ndinakaceza pa nyengo ya mango. Inu amene mumayenda pa mseu umenewu mumawadziwa malowa cifukwa ca cipata cimene magalimoto amaimapo kuti alipire msonkho wa mseu. Koma mukapatuka pang'ono ndi kusiya phula, mudzapeza midzi, minda ya cimanga, madimba ndi zitunda za miyala ya laimu. Kumeneko ndiko ndinapeza mlandu utagamulidwa kale, woimbidwa mlanduyo asanafunsidwe n'komwe.

Mkulu wina, mlimi wakhama amene ali ndi mitengo ya mango kuseri kwa nyumba yake, anali wokwiya kwabasi. M'mawa uliwonse ankapeza mango akupsa atadyedwa mbali imodzi, ena atagwera pansi, pamene iye ankayembekeza kuwagulitsa m'mbali mwa mseu kuti apeze ndalama za feteleza. Tsono m'denga la nyumba yake ya malata munali mileme yambiri, imene inkalira usana wonse ndi kununkhitsa m'nyumba. Kwa iye nkhani inali yosafuna mboni: mbala inali kugona m'denga mwake momwe. Anali ataunjika kale matayala akutha oti afukizire utsi, ndipo ankafuna kuti akatha za m'denga akatenthenso phanga lina la kucitunda.

Tsiku limenelo adzukulu ake anali atapha mileme iwiri ndi malegeni, umodzi mumtengo wa mango madzulo adzulo lake, wina potulukira m'denga. Ndinapempha kuti tiione, ndipo ndinaitembenuza ndi kamtengo, osaigwira ndi manja.

"Bambo, taonani mitu iwiriyi. Kodi mukuti ndi ya mtundu umodzi?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, mleme ndi mleme. Waung'onowu ndi mwana cabe, ukadakula ukadafanana ndi unzakewo," anayankha motero mkuluyo.

Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mukadayankha cimodzimodzi. Ndico cifukwa cake ndaganiza zoti lero tikambirane za mutu wa mleme, pakuti munthu wodziwa kuwerenga cigaza ca nyama imeneyi angathe kunena cimene imadya ndi m'mene imapezera njira mumdima.

Si mbalame, si mbewa

Nthano ya makolo imati mleme unakanidwa ndi mbalame cifukwa uli ndi mano ndi ubweya, ndipo unakanidwanso ndi nyama cifukwa uli ndi mapiko. Zoona zake n'zakuti mleme ndi nyama yoyamwitsa monga mbuzi. Suikira mazira, koma umabereka mwana ndi kumuyamwitsa. Mapiko ake ndi manja amene zala zake zinatalika kwambiri, ndipo pakati pa zalazo pali cikopa copyapyala. Mwa nyama zonse zoyamwitsa, ndi mleme wokha umene umauluka pokupiza mapiko. Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya mileme yoposa 1,400, ndipo muno m'Zambia muli mitundu yoposa 60. Yambiri mwa iyo inalembedwa m'buku la W. F. H. Ansell la mutu wakuti The Mammals of Zambia, limene linasindikizidwa mu 1978 ndi a nthambi ya Boma yoona za nyama zakuthengo ku Chilanga, pafupi pomwepa ndi Shimabala.

Mleme umene anyamata aja anaulasa mumtengo wa mango unali waukulu ngati khoswe, wa nkhope yonga ya kagalu: mlomo wautali, maso aakulu, makutu osalala, ndi timaanga ta ubweya woyera patsinde pa makutuwo. Akatswiri amauchula mtundu umenewu kuti Epomophorus. Wamphongo uli ndi tsumba la ubweya woyera pa phewa lililonse, ndipo ndiwo umene mumaumva usiku ukulira mobwerezabwereza m'mitengo ngati munthu akumenya kacitsulo.

Mutacotsa cikopa ndi kuona cigaza cake, mudzapeza zibowo za maso zazikulu, pakuti mleme umenewu umayenda ndi maso, ndipo umaona bwino ngakhale kuwala kuli kocepa. Fupa la mphuno ndi lalitali, lokhala ndi malo okwanira onunkhizira, cifukwa cipatso cakupsa umacipeza ndi fungo. Mano ake otafunira ndi owerengeka ndiponso osasongoka kwenikweni. Kumwamba kwa m'kamwa kuli mizere yopingasa yonga mizere ya m'munda. Mlemewu umaluma cipatso, ndi kucikanikiza ndi lilime pa mizere imeneyi, numeza madzi ake pamodzi ndi tinjere ting'onoting'ono, kenaka nulavula zotsalazo. Mukaona pansi pa mkuyu kapena pa mtengo wa magwafa pali timibulu ta zipatso zotafunidwa, dziwani kuti usiku panali mlendo wa mtundu umenewu.

Mleme waciwiri uja, wa m'denga, unali wosiyana kotheratu. Kulemera kwake sikukanafika magalamu 30. Unali ndi mcira wotulukira kunja ngati wa mbewa, maso aang'ono, makutu otambalala okumana pamphumi, ndi mlomo wam'mwamba wa makwinya. Unali mleme waukulu msinkhu, osati mwana ai. Titatsegula kamwa lake ndi kamtengo tinaona mano ang'onoang'ono osongoka ngati minga. Mano otafunira a mleme wotere ali ndi nsonga zakuthwa zolowerana, akumwamba ndi akunsi, kotero kuti amadula ngati lumo. Mano amenewa nchito yake ndi kudula mapiko ndi zikamba za tizilombo touluka. Mleme wa mtundu uwu sudya mango. Cakudya cake ndi agulugufe a usiku, zikumbu, inswa ndi tizilombo tina.

Kuona ndi makutu

Tsono funso ndi lakuti, nanga nyama ya maso aang'ono cotere imagwira bwanji kacilombo kouluka mumdima wandiweyani? Funso limeneli linasautsa anthu ophunzira kwa zaka zambiri. Mu 1793 wansembe wina wa ku Italy, dzina lake Lazzaro Spallanzani, anapeza kuti mileme yosaona inkauluka m'cipinda osagunda kanthu. Caka cotsatira Louis Jurine wa ku Geneva anatseka makutu a mileme ndi phula la njuci, ndipo mileme ija inayamba kugunda zinthu. Anthu a masiku amenewo sanakhulupirire, pakuti mileme inkaoneka ngati imauluka mwakacetecete. Yankho linadikira kufikira 1938, pamene mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Harvard ku America, Donald Griffin, anagwiritsa nchito makina otha kumva mau amene khutu la munthu silimva. Iye ndi mnzake Robert Galambos anatsimikiza kuti mileme imafuula pouluka ndi kumvera mau ake akamabwerera. Mu 1944 Griffin anaipatsa njira imeneyi dzina la Cingerezi lakuti echolocation. Ife tingoti kuona ndi makutu.

Aliyense amene anafuulapo pafupi ndi thanthwe kapena m'mgodi wa miyala adziwa kuti mau amabwerera. Ngati thanthwe lili patali, mau amacedwa kubwerera, ndipo ngati lili pafupi amabwerera msanga. Mau amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi. Ngati gulugufe ali pa mtunda wa mamita 5, mau a mleme amapita ndi kubwerera mofulumira kotero kuti ulendo wotere ungacitike ka 34 pa sekondi imodzi. Ubongo wa mleme umayesa kanthawi kameneka ndi kudziwa mtunda. Pakusiyanitsa m'mene mau afikira ku khutu lamanja ndi lamanzere umadziwa mbali, ndipo kamvekedwe kake kamauuza ngati cinthuco ndi tsamba, khoma kapena cakudya. Pofunafuna umafuula pang'onopang'ono, koma ukayandikira kacilombo umafulumiza kufikira pafupifupi ka 200 pa sekondi imodzi.

Cifukwa cimene ife sitimva phokoso limeneli ndi ici. Mau aliwonse ndi kunjenjemera kwa mpweya, monga m'mene cikopa ca ng'oma cimanjenjemera mukacimenya. Khutu la munthu limamva kunjenjemera kosapitirira ka 20,000 pa sekondi imodzi, pamene mileme yambiri imafuula kupyola pamenepo. Kamleme kena ka m'mapanga, Cloeotis percivali, kamene kamapezekanso muno m'Zambia, kamafika ka 212,000. Kulira kuja mumakumva m'denga ndi kuceza cabe kwa mileme yokhayokha. Mau osakira cakudya ambiri a iwo amatidutsa osawamva.

Cigaza cimacitira umboni zimenezi. M'kati mwa khutu la nyama iliyonse yoyamwitsa muli kafupa kopindika ngati cigoba ca nkhono, kamene kamalandira mau. Mwa mileme yoona ndi makutu kafupa kameneka ndi kakakulu poyerekeza ndi mutu wonse, pamene mwa mileme yodya zipatso ndi kakang'ono.

Ena pakamwa, ena pamphuno

Mileme yoona ndi makutu ili m'magulu awiri. Ina imatulutsa mau pakamwa, ina imatulutsira m'mphuno. Apa ndi pamene mpangidwe wa cigaza umasiyana koposa. Munthu woyenda ndi toci usiku amailozetsa kumene akupita. Mleme nawonso uyenera kulozetsa mau ake kutsogolo. Mwa mileme yofuula pakamwa, monga uja wa m'denga, mafupa a nkhope ndi opendekera m'mwamba, kuti kamwa likayasama liloze kumene mleme ukupita. Mwa mileme yofuula m'mphuno, nkhope ndi yoweramira pansi, kuti mphuno ndiyo ikhale patsogolo, kamwa lili m'munsi. Ubwino wa njira yaciwiriyi ndi wakuti mleme ungathe kupitiriza kufuula ngakhale m'kamwa muli cakudya.

Mwa mileme ya m'mphuno, yodziwika kwambiri m'mapanga a kwathu ndi ya mtundu wa Rhinolophus. Pamphuno pake pali cikopa copindika conga citsulo cimene amakhomera ku phazi la kavalo. Anthu ambiri akaona nkhope yotere amacita mantha, ena amaganiza za ufiti. Komatu cikopa cimeneci cimagwira nchito yonga ya manja a munthu amene wawaika kukamwa poitana mnzake ali kutali: cimasonkhanitsa mau kuti apite mbali imodzi. Kuseri kwa mphuno, pa cigaza penipeni, pali timafupa totupa ta mphako m'kati, timene timakonza mau monga cimacitira cikho ca pansi pa kalimba.

Palinso mtundu wina, Nycteris, wa makutu aatali kwambiri, umene umakonda kugona m'mphako za mitengo, m'mipaipi ya madzi ya pansi pa mseu ndi m'nyumba zosiyidwa. Nkhope yake ili ndi mng'alu wocokera pamphuno kufika pamphumi, ndipo cigaza cake ndi colowa m'kati pamalo pamenepo ngati kambale. Mleme umenewu umafuula monong'ona, ndipo kawirikawiri umapeza cakudya pomvera mapazi a kacilombo koyenda pa masamba ouma.

Mu 2019 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Washington ku America, Jessica Arbour, Abigail Curtis ndi Sharlene Santana, anafalitsa zimene anapeza atajambula zigaza za mitundu ya mileme yoposa 200 ndi makina oona m'kati mwa fupa. Iwo anafuna kudziwa kuti cinaumba zigaza zimenezi makamaka n'ciani, cakudya kapena kafuulidwe. Mwa kuwerengera kwao, kuyambira zaka pafupifupi 58 miliyoni kufikira zaka 34 miliyoni zapitazo, cimene cinasiyanitsa mabanja a mileme cinali kapezedwe ka njira: ya maso, ya pakamwa ndi ya m'mphuno. Kuyambira zaka pafupifupi 26 miliyoni zapitazo, cakudya cinayamba kukhala ndi mphamvu yaikulu, makamaka m'banja limodzi la mileme ya ku America. Tinganene kuti kafuulidwe ndiko kanaimika nsici za nyumba, ndipo cakudya cinadza pambuyo kudzakonza zipinda.

Pali mleme umodzi wodya zipatso umene uli pakati. Dzina lake ndi Rousettus aegyptiacus, ndipo umagona m'mapanga a mdima, monga phanga la Leopards Hill la m'cigawo comwe cino ca Lusaka. Pamene kuli kuwala umayenda ndi maso, koma m'phanga umaliza lilime lake ndi kumvera mau obwerera. Popeza mau ake amapangidwa ndi lilime, osati pakhosi, cigaza cake cinakhalabe conga ca abale ake odya zipatso.

Nsagwada ndi cakudya

Mukafuna kuswa fupa la nkhuku simuluma ndi mano akutsogolo, koma mumaliika ku mano akumbuyo, pafupi ndi polumikizira nsagwada, cifukwa mphamvu ili kumeneko. Lamulo lomweli ligwira nchito pa mileme. Nsagwada yaifupi ndi yonenepa imaluma mwamphamvu, pamene yaitali ndi yoonda imafika patali koma ndi yofooka.

Taonani mleme waukulu wa m'mapanga umene akatswiri amauchula Macronycteris vittatus. Pamwamba pa cigaza cake pali mzere wa fupa wotukuka, ndipo pa mzere umenewu ndi pamene pamagwira minofu yotsekera kamwa. Mano ake akutsogolo ndi aatali onga a galu. Cakudya cake ndi zikumbu zazikulu za zikamba zolimba. Cimodzimodzinso Scotophilus, mleme wa pamimba pacikasu umene umagona m'madenga ndi m'mphako, uli ndi mlomo waufupi ndi nsagwada zolimba zoswera zikumbu. Koma mileme yokonda agulugufe ofewa ili ndi zigaza zopepuka ndi nsagwada zoonda, zotha kuyasama kwambiri pogwira cakudya m'malere. Kutsidya kwa Zambezi, ku Mana Pools m'dziko la Zimbabwe, akatswiri anapeza kuti Nycteris grandis, waukulu mwa mileme ya mng'alu ija, umadya acule, tinsomba ndiponso mileme ina yaing'ono.

Ku America ndiko kuli zodabwitsa zoposa. Mileme yomwa timadzi ta m'maluwa ili ndi milomo yaitali yonga ya coso, ndi mano ofooka. Umodzi wa ku Ecuador, Anoura fistulata, uli ndi lilime la masentimita oposa 8, lalitali kuposa thupi lake lomwe. Ina yodya zipatso zolimba ili ndi nkhope zazifupi zophwathalala. Kulinso mitundu itatu yomwa magazi, ya mano akutsogolo akuthwa ngati lezala. Mvetsetsani bwino apa: mitundu itatu imeneyi ili ku America kokha. Muno mu Africa mulibe mleme womwa magazi a munthu kapena a ng'ombe.

Phindu lake kwa mlimi

Caka ndi caka, kuyambira kumapeto kwa Okutobala kufikira Disembala, mileme yodya zipatso ya mtundu wa Eidolon helvum imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ka m'paki ya Kasanka, m'cigawo ca Pakati. Ciwerengero cake cimafika mamiliyoni angapo, ndipo alendo amacokera maiko akutali kudzaona. Imadzera masuku ndi zipatso zina zakuthengo. Akatswiri atamangirira timakina pa ingapo ya mileme imeneyi anapeza kuti pocoka ku Kasanka imalowera ku Congo, ndipo umodzi unayenda makilomita oposa 2,000 m'miyezi yowerengeka. Konse kumene imapita imagwetsa njere, ndipo m'malo amene tinadula mitengo ya makala, mbeu zimenezi ndizo zimadzutsanso nkhalango. Maluwa a mvunguti amene amatseguka usiku amacezeredwanso ndi mileme yotere, imene imanyamula ufa wa duwa lina kupita nao ku linzake kuti mtengo ubale. Cotero ngakhale wakuba mango uja ali ndi malipiro amene amabweza.

Nanga wa m'denga uja? Alimi simunaiwale nchembere zandonda za mtundu watsopano zimene zinalowa m'minda ya cimanga muno m'Zambia kumapeto kwa 2016. Mbozi zimenezi, pamodzi ndi kapuci woboola mapesi, zimacokera ku mazira a agulugufe ouluka usiku. Ku America, kumene mbozi imeneyi inacokera, kunapezeka kuti mileme ya m'banja limodzi ndi ya m'madenga athu imadya agulugufe ake. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, akatswiri anaphimba mitengo ina ya makadamiya ndi maukonde kuti mileme ndi mbalame zisafikeko, ndipo mtedza woonongeka ndi tizilombo unaculuka pa mitengo yophimbidwayo. Gulugufe mmodzi wodyedwa usiku ndi mazira ambirimbiri amene sadzaswa m'munda mwanu. Mlonda wotere safuna malipiro ndipo safuna mpope wopopera mankhwala.

Cenjezo

Sindikunena kuti mleme ndi ciweto coti ana azisewera naco. Mileme ina imanyamula matenda. Mu 2019 akatswiri a za ziweto a pa yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao a ku yunivesite ya Hokkaido ku Japan, analengeza kuti anapeza kacilombo ka matenda a Marburg mwa mileme ya Rousettus yogwidwa m'phanga lina m'cigawo ca Lusaka. Matenda amenewa ndi apacibale ndi Ebola, ndipo amapha. Mileme ina ya mu Africa imanyamula tizilombo toyambitsa matenda onga a ciwewe. Ndowe zake zikaunjikana ndi kuuma, fumbi lake lingathe kudwalitsa mapapo.

Pa cifukwa cimeneci, sungani malangizo awa. Musagwire mleme ndi manja, wamoyo kapena wakufa, ndipo muletse ana kuilasa ndi malegeni. Musadye nyama yake. Cipatso columidwa ndi mleme citayeni. Musalowe m'mapanga a mileme popanda cifukwa. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Posesa ndowe, yambani mwawaza madzi ndipo mumange nsalu kukamwa ndi kumphuno. Ndowe zimenezo ndi manyowa abwino a kudimba.

Kutentha phanga kapena kufukiza denga kumaonjezera ngozi m'malo moicepetsa, pakuti anthu amagwira mileme yakufa ndi yovulala, ndipo yotsala imabalalikira m'nyumba za anansi. Utsi wa matayala ndi woipa m'cifuwa, ndipo moto wa m'denga watenthapo nyumba zambiri. Kumbukiraninso kuti mitundu yambiri ya mileme imabereka mwana mmodzi yekha pa caka, kotero gulu lophedwa usiku umodzi limatenga zaka kuti libwerere.

Njira yabwino yocotsera mileme m'denga ndi iyi. Dikirani nyengo yozizira, mu Juni kapena Julaye, pakuti m'nyengo ya mvula m'dengamo mumakhala ana osatha kuuluka, amene angafere momwemo ndi kununkha. Khalani panja madzulo ndi kuona mipata imene mileme imatulukira. Tsekani mipata yonse masana, kusiyapo umodzi kapena iwiri yaikulu. Pa mipata yotsalayo pacikani saka kapena pulasitiki yolendewera, yomangidwa kumwamba kokha, kuti mleme uthe kutuluka koma ulephere kulowanso. Pakapita masiku angapo, tsekani ndi matope, simenti kapena waya wa sefa. Za mango, thyolani akangokhwima ndi kuwapsetsera m'nyumba, cifukwa mleme umatsata fungo la cipatso cakupsa.

Dera la Shimabala ndi Chilanga lili pa miyala ya laimu, yomwe amapangira simenti. Madzi a mvula amasungunula mwala umenewu pang'onopang'ono ndi kusiya mapanga, monga la ku Chipongwe, limene J. Desmond Clark analemba za mafupa a anthu akale opezekamo mu 1955. Mapanga otere ndiwo nyumba za mileme yambiri yodya tizilombo. Inu ophwanya miyala ndi inu ootcha makala, mukapeza phanga lokhalamo mileme, lisiyeni pamodzi ndi mitengo ya pakhomo pake, ndipo dziwitsani a mfumu kapena a ofesi yoona za nyama zakuthengo ku Chilanga.

Nditatha kufotokoza, mkulu uja anatenga kamtengo kaja nayang'ananso mano a mleme waung'ono kwa nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndikadapha alonda a cimanga canga cifukwa ca mlandu wa wina?" anafunsa.

"Ndi momwemo, Bambo. Ndipo wakudya mangoyo sagona m'denga, amagona m'mitengo. Utsi wanu sukadamufika."

Anapukusa mutu nati, "Akulu ananena, safunsa anadya phula. Koma fungo lija sindingakhale nalo, mwana wanga. Ikafika Juni udzabwere, udzandionetse za saka lakolo."

Adzukulu aja anauzidwa kukumba dzenje ndi kukwirira mileme iwiri ija ndi khasu, ndipo matayala anabwezedwa kuseri kwa nkhokwe. Madzulo a tsiku limenelo tinakhala pabwalo ndi kuwerenga mileme imene inkatuluka pansi pa malata kulowera kumunda, ndipo tinaona kuti mipata yake inali itatu.

Awerengi, ngati kwanuko kuli mileme ya maonekedwe ena, kapena muli ndi maina ake a cinenero canu, tilembereni kalata. Sabata yamawa tidzakamba za kadzidzi ndi makoswe a m'nkhokwe.